Zingwe za RCA za mtengo wa feteleza, zimamvekadi kusiyana?

Lachitatu madzulo

A Phiri Kalongwezi: Mwaswera bwanji abale. Safunsa anadya phula ndiye musandiseke. Mwezi watha ndinagulitsa ka wailesi kanga kaja kolira ngati chitini, alamu anga a ku Johannesburg anandibweretsera Marantz PM6007 ndi CD player yake, masipika ndi Wharfedale ang'onoang'ono aja. Manje pakati pa CD ndi amplifaya ndaikapo tizingwe ta RCA tomwe tinabwera m'bokosi, tofiira ndi toyera tija. Alamu akuti mwagula Benz koma mwaiveka matayala a wilibala. Anditumizira zithunzi zitatu kuti ndisankhe asanabwere pa Khirisimasi, AudioQuest, Chord ndi QED. Chomwe akuchikonda iwo mtengo wake ndi matumba anayi a feteleza. Kusiyana kumamvekadi kapena ndi fasho chabe?

DJ Katete: kkkkk matumba anayi pa chingwe cha mita imodzi amalume?? mudzakolola chani pamenepo

A Sakala: Musamvere ana a Phiri. Kusiyana kulipo ndithu. Ine ndinachotsa za m'bokosi n'kuika AudioQuest chaka chatha, usiku woyamba womwewo mawu a oimba anayera, besi inagwirana osati kumwazika ngati phala lamadzi. Mkuwa wake ndi woyera, ndipo pachingwepo pali muvi wosonyeza mbali yolowera nyimbo. Zapamwamba zake mpaka amamangirirapo ka batire ka 72V. Kampaniyi inayamba 1980 ku California, anthu akanagula zaka zonsezi chinthu chosagwira ntchito?

Mbuya Luanshya: A Sakala mankhwala a mwayi a pamsika nawonso akugulidwa kuyambira kalekale kkkk. Inu a kum'mawa mbewa zinakulowani m'makutu

A Sakala: Mbuya, munthu wodya anyani sangatiphunzitse nyimbo.

Mbuya Luanshya: Koma nthabwala pambali, chimene chimandiwawa ine ndi ichi, mkuwa umakumbidwa kwathu konkuno, ku Copperbelt, ku Kansanshi, ku Lumwana, umayengedwa mpaka 99.99 peresenti, ukwera malole kupita ku Dar es Salaam olo ku Durban, kenako ubwerera utavala jekete la nayiloni ndi dzina lachizungu ife n'kumaombera m'manja. Kuno ku Luanshya ZAMEFA akhala akupanga nthambo za mkuwa zaka ndi zaka palibe anati zimaimba bwino

A Mwale Magetsi: Ndangotseka shopu, ndiloleni ndiponyepo mawu. Chingwe cha pakati pa CD ndi amplifaya sichinyamula katundu ngati cha ku masipika ayi. CD player ikakuwa kwambiri imatulutsa pafupifupi 2 volts, ndipo polowera pa amplifaya pamakhala ma ohm zikwizikwi (ohm ndi muyezo wa kukaniza magetsi), makina ambiri pakati pa 10,000 ndi 50,000, ndiye magetsi oyenda m'menemo ndi ochepa zedi. Chingwe cha mita imodzi olo chikhale chopyapyala bwanji sichikwana ndi 1 ohm yomwe. Ikani 1 pambali pa 47,000 mundiuze ngati khutu lingaimve. Zoti siliva amayendetsa magetsi kuposa mkuwa ndi zoona, amaposa ndi 5 kapena 6 peresenti, koma ndi peresenti ya chinthu chomwe sichimamveka kale. Kuthira kapu ya madzi mu Luangwa n'kumati mtsinje wadzaza.

A Mwale Magetsi: Chimene chingasinthe mawu ndi capacitance, kusunga timagetsi komwe chingwe chimachita, timayeza mu pF. Zingwe zambiri zimakhala cha m'ma 100 pF pa mita. Ikachuluka imadya mawu opyapyala apamwamba aja, koma pa CD ndi chingwe chachifupi imayamba kudya kupitirira 1 MHz uko, pamene munthu amamva mpaka 20 kHz, ndiponso akadali mwana. Ife a imvi tikafika 14 tithokoze Mulungu.

A Sakala: Mita yanu siyeza zonse a Mwale. Mita ilibe khutu. Nanga muvi uja anaulembapo chifukwa chani ngati zonse ndi chimodzimodzi?

A Mwale Magetsi: Nyimbo m'chingwe ndi AC bambo, magetsi amapita uku n'kubwerera uku kambirimbiri pa sekondi, ndiye mkuwa ulibe kutsogolo kapena kumbuyo. Koma sindikunena kuti muvi uli wabodza ponseponse. Zingwe zina ka ukonde kotchinga phokoso kaja amakalumikiza mbali imodzi yokha, ndiye muvi umakuuzani kuti mbali yolumikizidwayo ikhale kochokera nyimbo. Imeneyo ndi nkhani ya phokoso, si yoti mawu azikoma ngati uchi.

DJ Katete: ine pa maukwati sindikhudza RCA ngati mtunda wapitirira mamita asanu, ndimaponya XLR basi, zingwe zija za mapulagi a mapini atatu. pini 1 ndi ground, 2 ndi 3 zimanyamula nyimbo imodzi yomweyo koma ina yotembenuza, phokoso likalowa panjira limalowa mofanana m'mawaya onse awiri ndiye kukafika ku mixer limafafanizika lokha. mamita 30 pa tenti ku Mkaika nthawi ya Kulamba jenereta ili pambali koma zii. ndimagula Canare ya pa mpukutu ndi mapulagi a Neutrik n'kuwotcherera ndekha

A Phiri Kalongwezi: Ndiye ndigule za XLR mwana wanga?

DJ Katete: iyayi amalume PM6007 ilibe polowetsa XLR, ndi RCA yokha. ndipo pa mita imodzi m'nyumba simuzifuna. ndimangonena kuti ku ma studio amagwiritsa Mogami, Canare, Belden, zogula pa mita, nyimbo yomwe a Sakala akumvera inadutsa kale zingwe zankhaninkhani za mtengo wamba isanalowe mu CD, ndiye ka mita komaliza kokha ndi kamene kaitsuke??

A Sakala: Madzi olo achoke kutali m'paipi yabwino, ukawamwera m'kapu yakuda umamva fungo la kapu.

Mbuya Luanshya: apa mwayankha bwino ndithu a Sakala, ndikupatseni mbewa imodzi

A Mwale Magetsi: Pa kapu yakuda ndikuvomerezani, zingwe zonyansa zilipo ndipo ndimakumana nazo tsiku ndi tsiku. Zambiri zotchipa zija mkati si mkuwa, ndi aluminiyamu wopakidwa mkuwa pamwamba, amati CCA. Palani kawaya kamodzi ndi lezala muona koyera mkati, olo kayatseni ndi machesi kamapindika n'kunyenyeka pomwepo. Vuto lake lalikulu si mawu koma kuthyoka, ndiponso sikagwira bwino powotcherera. China ndi ukonde wotchinga, zina mukasenda mupeza timawaya tisanu tokha tozungulira, foni ikalira pafupi muimva m'masipika. Ndiye pulagi, yolobodoka imakupatsani phokoso lothetheka mukangogunda tebulo. Golide wa papulagi uja sayendetsa magetsi kuposa mkuwa, ntchito yake ndi yoti sachita dzimbiri, ndipo kuno nthawi ya dzinja ndi chinyezi chija zimathandizadi. Ndiye kuchoka pa chingwe chonyansa kupita pa chabwino, eya ndrama yagwira ntchito. Kuchoka pa chabwino kupita pa cha matumba anayi ndi pomwe ine ndimakanira.

Mayi Tembo: Ndakhala ndikuwerenga chete. Abambo inu mumakonda kukangana ndi pakamwa chinthu choti mungachiyese. Ku kwaya ndikauza ana kuti ndasintha maikolofoni, onse amati eee lero zamveka bwino amayi, chonsecho sindinasinthe kanthu. Ndipo mukakweza voliyumu pang'ono chabe aliyense amati zakoma. Bwanji a Sakala abweretse chingwe chawo, wina azisintha kuseri inu osaona?

A Jere Aphunzitsi: Amayi mwandikumbutsa. Mu 2007 James Randi wa ku America, amene ankakonda kuyesa anthu odzitama kuti ali ndi mphamvu zodabwitsa, analonjeza madola 1 miliyoni kwa munthu amene angasiyanitse ndi khutu lokha zingwe za masipika za madola 7,250 ndi zingwe za Monster zotsikirapo mtengo. Anakangana pa malamulo a mayesowo mpaka sanachitike. Ndiye mkangano uwu si wa ku Chipata kokha. Ndipo 7,250 si mapeto, zingwe za Nordost Odin ziwiri zokha zimapitirira madola 20,000.

DJ Katete: 20,000 madola ndiye kuti poloti ndi nyumba yake agogo kkkk

A Sakala: Ine sindiopa. Ndibwera nacho. Mudzachita manyazi.

A Phiri Kalongwezi: Bwerani Loweruka kwathu, amayi akunyumba aphika nkhuku yachikuda. Koma ndiulule chimene chandipangitsa kufuna zingwe zatsopano, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pali ka phokoso kena kake, mmmmmm, pansipansi ngati njuchi zili m'denga, nyimbo ikatha kamamveka bwinobwino ndipo usiku kamandisowetsa mtendere. Alamu akuti ndi zingwe zotchipazo.

A Mwale Magetsi: Aaa a Phiri bwenzi mutayamba ndi pamenepa. Kamamveka pa CD pokha kapena paliponse? Mwalumikiza chani china ku amplifaya?

A Phiri Kalongwezi: Paliponse. Pali CD, pali dikoda ya dishi kuti mpira uzimveka m'masipika, ndiye galamafoni ya malemu bambo anga, Technics yakale, ili pa kabati ina patali pang'ono ndiye ndinaonjezera chingwe.

A Mwale Magetsi: Musagule kanthu mpaka ndifike.

Loweruka usiku

Mbuya Luanshya: Nanga bwanji ziii pagulu? Nkhuku yakutsamwitsani? Tiuzeni ife akutali

DJ Katete: mbuya mwaphonya filimu kkkkkk a Sakala afotokoze okha

Mayi Tembo: Ndifotokoze ine chifukwa pepala lili ndi ine. Tinamanga chitenje changa kutsogolo kwa shelefu kuti zingwe zisaoneke. Mwana wanga wamkazi ndiye anakhala kuseri ndi ndalama ya K1, akaponya ikagwa mbali ina aika cha a Sakala, ikagwa inayo aika cha DJ chowotcherera yekha chija, n'kulemba papepala osauza munthu. Voliyumu tinaimata ndi tepi kuti wina asaikhudze. CD anasankha a Sakala eni ake, ya kwaya yomwe amati amaidziwa ngati chikhatho chawo, ndipo tisanayambe anamvera zingwe zonse ziwiri akuona, n'kunena kuti kusiyana kwake ndi usana ndi usiku. Titatseka chitenje, maulendo 10. A Sakala analondola 6, ine 5, a Jere 4, a Phiri anasiyira panjira ati zonse zikumveka Marantz.

A Sakala: 6 ndi kupambana kumeneko, ndaposa theka.

A Jere Aphunzitsi: Bambo Sakala, mwana wanga wa giredi 7 akalotera mafunso 10 a inde kapena ayi, kupeza 6 si nkhani. Usana ndi usiku munthu salakwitsa kanayi.

Mayi Tembo: Ndipo ulendo wachisanu ndi chiwiri munaimirira n'kumenya pachifuwa kuti ichi ndiye changa, imvani mmene soprano wayerera. Chinali cha DJ.

DJ Katete: ndayamba kulandira maoda abale, chingwe choyeretsa soprano, mtengo tikambirana ku inbox

A Sakala: Sekani. Koma magetsi anali atapita, timayendera inveta, ndipo makina a a Phiri ndi atsopano sanakhazikike. Kuona maso a nkhono n'kudekha, chingwe chabwino umachimva ukakhala nacho masabata, osati anthu asanu akukuyang'ana pakamwa nkhuku ikununkhira kukhitchini.

A Mwale Magetsi: Za inveta musanamizire, ya a Phiri ndi pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala ngati a pa soketi, ndinaiona. Zikanakhala zotchipa zija za modified zomwe tinagula tonse mu 2024 madzi atachepa ku Kariba bwenzi thiransifoma ya amplifaya ikulira yokha, imeneyo ndi nkhani ina. Koma mbuya imvani za njuchi zija. Nditangofika ndinayatsa amplifaya popanda nyimbo, mmmmm uja alipo, ndi 50 Hz ya magetsi athu yomwe ija, ndimaidziwa ngati kulira kwa mwana wanga. Ndinaika chingwe cha a Sakala pa CD, njuchi zilipobe. Ndinazula waya wa dishi kumbuyo kwa dikoda, zii. Kubwezera, mmmmm. Kuzula, zii. A Phiri anangogwira pakamwa. Ndi ground loop imeneyo, dishi ili ndi nthaka yakeyake kunja uko, makina enawo ali ndi yawo ya pa soketi, ziwirizi sizifanana ndendende ndiye timagetsi timayenda kudzera mu ukonde wa chingwe cha RCA n'kulowa mu nyimbo. Olo mugule cha madola 20,000 chija timagetsi timeneti tidutsamo ndithu, mwinanso mosangalala.

Mbuya Luanshya: ndiye mwachiza bwanji, a Phiri asiye mpira?

A Mwale Magetsi: Iyayi, Marantz ija ili ndi polowetsa optical. Tinachotsa RCA ya dikoda, mawu a TV tikuwatengera pa TOSLINK, ka chingwe koyendera kuwala kaja komwe anayambitsa a Toshiba mu 1983. Mulibe chitsulo m'menemo ndiye magetsi alibe podutsa. Ndinali nako m'chikwama, kotchipa kuposa nkhuku tinadya ija. Mungokumbukira kusankha PCM pa menyu ya mawu ya TV apo ayi simumva kanthu.

A Jere Aphunzitsi: Koma a Mwale musabise mbali imene a Sakala anawina. Nenani za galamafoni.

A Mwale Magetsi: Sindibisa aphunzitsi, ndimabwera komweko. Pamene paja ndiye chingwe chili ndi mawu. Singano ya galamafoni imatulutsa timagetsi tochepetsetsa, cha m'ma 5 millivolts, kuyerekeza ndi 2 volts ya CD ndi kuchepa ka 400, ndiye amplifaya imakukuza kwambiri pamodzi ndi nyansi zonse zomwe chingwe chatola. Ndiponso ma cartridge, timitu tonyamula singano tija, a mtundu wa MM (moving magnet) amenewa ambiri amafuna capacitance yonse pamodzi ikhale cha pakati pa 100 ndi 200 pF. A Phiri anatenga chingwe cha Technics n'kuchilumikiza ndi china cha mamita atatu cha pamsika, pa joini pamenepo pachita dzimbiri lobiriwira ngati ndere za pachitsime, ka waya ka ground kaja kakungolendewera kuseri kwa kabati chifukwa sikanafike. Capacitance inapitirira patali, ndiye mawu apamwamba amalasa m'khutu kenako n'kuduka msanga. Tinanyamula galamafoni kuibweretsa pafupi, kuchotsa choonjezeracho, kupukuta mapulagi ndi spiriti, kumanga ground pa sikulu yake.

A Phiri Kalongwezi: Abale ine misozi inalengeza. A Jere anabweretsa mbale yawo ya kalindula, ya Teal ya ku Ndola ija, pepala lake lachita kuyuwa. Poyamba gitala imachita kubaya ngati minga ndipo ine zaka zonsezi ndimati ndi ukalamba wa mbale. Titakonza, besi ija inatuluka yonenepa, ng'oma kumbuyo kumveka payokha, ndinakumbuka bambo anga Lamulungu masana atakhala pa mpando wa ndalema akupukuta mbale ndi kansalu kofewa, ife ana kutiletsa kuyenda mwamphamvu kuti singano isadumphe. Amayi akunyumba anatuluka kukhitchini ndi mthiko m'manja kudzafunsa kuti mwagula chani china.

Mayi Tembo: Pamenepo tinabwerezanso za chitenje, choonjezera chilipo kapena palibe. Tonse 10 pa 10, ndi mwana yemwe amamva ali kuseri.

A Sakala: Mwaona? Ndimanena ine kuti zingwe zimasintha mawu.

DJ Katete: tinachotsa chingwe bwana sitinagule kkkkk

A Mwale Magetsi: Koma ndinene chilungamo, chingwe cha a Sakala ndinachigwira ndipo n'chopangidwa bwino, pulagi imaluma zolimba, sichingakuvuteni zaka zambiri. Chomwe ndinadabwa n'chakuti ndi chenicheni, chifukwa zabodza za maina akuluakulu amenewa zadzaza pa intaneti. Kasitomala wanga wina anaitanitsa chotchipa modabwitsa, bokosi lokongola, titasenda mkati ndi CCA yemwe uja. Ndiye a Phiri ngati alamu akugula, agule m'shopu yodziwika ya zoimbira, osati kwa munthu wa pa Facebook.

A Phiri Kalongwezi: Ndawaimbira kale alamu. Ndawauza atenge QED olo Chord cha pansi penipeni pa mndandanda, mita imodzi, choti mapulagi ake ndi olimba basi, chifukwa tija ta m'bokosi kamodzi kayamba kale kulobodoka. Anakhumudwa pang'ono ati ndiye mwamvera anthu a pa WhatsApp. Ndrama yotsalayo a Mwale akuti ndigule ma stand a masipika, pano ali pa shelefu limodzi ndi mbale za alendo ndipo besi ikagunda makapu amayankha, komanso choteteza ku mphenzi poti mvula yayandikira.

A Mwale Magetsi: Ndipo kukachita ziphaliwali muzizula waya wa dishi ndi pulagi ya kukhoma, choteteza chija sichiletsa mphenzi yogwa pafupi. Mwezi wa Disembala shopu yanga imadzaza ndi ma amplifaya opsa.

Mbuya Luanshya: matumba anayi atsala angati a Phiri, tiwerengere

A Phiri Kalongwezi: Awiri apita kumunda ku Chadiza mbuya, amayi akunyumba alanda kale.

A Sakala: Ine sindinagonje. Loweruka la mawa kwathu ku Moth, pa makina anga okhazikika, masipika anga akuluakulu, ndipo maulendo akhale 20 osati 10. Mayi Tembo mubwerenso ndi mwana uja ndi K1 yake.

Mayi Tembo: Tibwera bambo, koma nkhuku ikhale iwiri. A Phiri chitenje changa chatsala pa shelefu panu, mupatse DJ akamapita ku Kapata mawa, ndi cha yunifomu ya kwaya chimenecho.